Vinyo wa maluwa a dandelion ndi zipatso: bwanji wanga akuwawa, nanga botolo linaphulikiranji?

Funso

Kuseri kwa nyumba yathu kumamera maluwa a dandelion ambirimbiri. Ndinathyola odzaza chidebe, ndinawawiritsa pamodzi ndi shuga ndi mapichesi, atazizira ndinathiramo yisiti wa buledi, ndipo patatha masabata awiri ndinathira m'mabotolo n'kutseka. Botolo limodzi linaphulika usiku. Lina nditalitsekula ndinapeza vinyo wake ali mbuu, akuwawa zosamweka. Ndinalakwitsa pati? Ndi zipatso ziti zimene zimagwirizana ndi maluwa amenewa? Nanga n'zoona kuti vinyo wopangira pakhomo amachititsa khungu?

Mayi wina wowerenga

Yankho

Mayi, tiyambe ndi mabotolo otsalawo, chifukwa amenewo sangadikire. Yisiti akadali moyo m'menemo, akudyabe shuga, ndipo mpweya umene akutulutsa ulibe kotulukira. Aziziritseni kaye mufiriji kwa maola angapo, tetezani maso anu ndi magalasi, kutani botolo lililonse ndi thaulo lochindikala, ndipo muzimasula chitsekero pang'onopang'ono mutalozetsa kumbali, ana ali kutali. Mukatero khuthulirani vinyo yenseyo m'chigubu chimodzi kuti amalize kuwira mpweya ukutuluka. Kuwawako sikudzatheratu, koma mudzaphunzirapo mmene vinyo amatsirizira ntchito yake.

Tsono ku nkhani yeniyeni. Ambiri amaganiza kuti duwa la dandelion limagwira ntchito imene mphesa imagwira. Si choncho ayi. Mphesa yakupsa imabwera ndi zonse: shuga, asidi, madzi, tannin wa m'khungu lake (chimene chimaumitsa mkamwa monga amachitira tiyi wakuda), ndiponso chakudya cha yisiti. N'chifukwa chake munthu angathe kungofinya mphesa n'kuzisiya, vinyo n'kupangika. Duwa la dandelion, limene akatswiri a zomera amalitcha Taraxacum officinale, lilibe chilichonse mwa zimenezi choti n'kudalira. Limangopereka fungo lofatsa, lonunkhira chauchiuchi, ndi mtundu wachikasu chotuwa, basi. Zina zonsezo muyenera kuzibweretsa nokha, ndipo zipatso zimalowera pamenepo. Kunena mosabisa, ameneyu ndi vinyo wa shuga ndi zipatso amene wabwereka fungo kwa duwa. Luso lonse lagona poteteza kafungo kameneko kuti kasaphedwe ndi kuwawa, ndi moto, ndi zipatso zaukali, kapena ndi mpweya.

Kuwawa kwachokera ku zobiriwira. Tengani duwa limodzi mulitembenuze. Kunsi kwa timasamba tachikasu kuli kachikho kobiriwira kamene kamagwira duwa lonse, ndipo pansi pake pali phesi. Mukalithyola phesilo limatuluka utomoni woyera umene umadetsa zala. Nyambitani pang'ono chabe, mumva kumene vinyo wanu anatengera kuwawa kwake. Inu munawiritsa maluwa athunthu, kutanthauza kuti munachita kukama kuwawa konse kwa m'chikhomo ndi m'mapesi. Chofunika ndi timasamba tachikasu tokhatokha. Tsinani kachikho kobiriwirako ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kapotozeni, ndipo timasamba timasomphoka tonse pamodzi ngati kangayaye, tili ndi ubweya woyera kunsi. Ubweyawo ulibe vuto. Ena amadula ndi sizasi pamwamba penipeni pa chobiriwiracho. N'zachangu, ngakhale kuti timasamba tina timatayika. Ndi ntchito yotopetsa, ya maola, ndipo palibe njira yachidule. Amene amakuuzani kuti "kobiriwira pang'ono sikalakwa" mwina amakonda vinyo wowawa.

Kathyoledwe nakonso n'kofunika. Maluwa amenewa amatseguka dzuwa likawala, n'kutsekanso madzulo kapena kukachita mitambo ya mvula. Muzithyola chakum'mawa mame atauma, maluwa atatambasuka bwino, ndipo musomphole timasambato tsiku lomwelo, chifukwa akakhalitsa m'chidebe amafota n'kudzitseka, ntchito n'kukula. Ngati simungakwanitse kupeza okwanira tsiku limodzi, sungani timasamba tosomphola kale m'pepala la pulasitiki mufiriji youmitsa mpaka takwana. Osathyola m'mphepete mwa msewu wodutsa magalimoto ambiri, pamene pamayendayenda agalu, kapena pa kapinga amene anapoperapo mankhwala opha udzu. Dziwani kuti dandelion ndi mmodzi mwa maudzu amene eni kapinga amalimbana nawo kwambiri ndi mankhwala, ndiye ngati malowo si anu, funsani.

Mutsimikizenso kuti ndi dandelion weniweni. Iye amakhala ndi duwa limodzi pa phesi limodzi, phesi lopanda nthambi, lopanda masamba, lamphako mkati, ndipo masamba ake a manomano amayala pansi mozungulira tsinde. Alipo maluwa ena achikasu a m'banja lomwelo amene amasokoneza anthu. Hypochaeris radicata ali ndi phesi lanthambi ndi masamba aubweya. Ena a mtundu wa Senecio ali ndi poizoni wowononga chiwindi. Mukaona maluwa angapo pa phesi limodzi, asiyeni.

Timasambato musatiphike. Fungo lake limauluka ndi nthunzi. Wiritsani madzi, aphuleni, athireni pa timasamba m'chidebe choyera, vindikirani, ndipo zikhale choncho tsiku limodzi kapena awiri mukuvundula mwa apo ndi apo. Mukapitirira apo zimayamba kununkha ndi kuchita chuku. Kenako sefani pa nsalu yoyera, finyani mopepuka, makoko n'kutaya.

Za zipatso. Apa ndiye pali zokamba zambiri, chifukwa chipatso chilichonse chimene mwathiramo chiyenera kukhala ndi ntchito yake, osati kungoti chinalipo.

Mandimu ndi malalanje amabweretsa asidi. Popanda asidi vinyo amakhala wosukuluka, wa zii mkamwa, yisiti sagwira bwino ntchito, ndipo tizilombo toononga timapeza mpata. Amene ali ndi choyezera pH, muyeso wa mphamvu ya asidi, azifuna kuti madziwo akhale pakati pa 3.2 ndi 3.6. Finyani madzi ake, ndipo palani khungu lakunja lokhalo, lachikasulo, mopyapyala. Choyera chofewa cha mkati mwa khungu musachiike, chimawawa ngati zobiriwira za duwa zija.

Mphesa zouma zimapatsa vinyo thupi, kuti ukamwa uzimva kuti mkamwa mwalowa chinthu, osati madzi a mowa chabe. Zimadyetsanso yisiti. Zoyera kapena zachikasu ndi zabwino kuposa zakuda, chifukwa sizisintha mtundu. Ziduleni tizidutswa, zathunthu zimangofufuma n'kuyandama, yisiti osafika mkati. Ngati zili ndi mafuta kunja, monga zimakhalira zambiri za m'mapaketi, zitsukeni ndi madzi otentha. Nthochi yakupsa kwambiri nayonso imapereka thupi: imodzi kapena ziwiri pa malita 5, mutaziphika pang'ono m'madzi n'kusefa madzi akewo.

Ndiyeno pali zipatso zobweretsa kakomedwe. Mapichesi anu aja sanali olakwika, ndipo ine ndimawaona kuti ndi amene amagwirizana ndi dandelion kuposa ena onse, pamodzi ndi maapurikoti. Fungo lawo limayenda njira imodzi ndi la duwa, silipikisana nalo. Maapozi ndi mapeyala otsekemera aja a m'banja la maapozi amachitanso bwino, amakhala phee kumbuyo. Koma nanazi, zipatso zofiira kwambiri kapena zakuda, ndi zina zafungo lamphamvu zimalikwirira duwa. Vinyo wake angakhale wokoma ndithu, koma mudzadzifunsa kuti maola onse aja osomphola timasamba munawatayiranji. Ngakhale mapichesi omwewo asapitirire kilogalamu imodzi pa malita 5. Chotsani nthanga zake zathunthu, osaziswa: mkati mwa nthanga za mapichesi, maapurikoti ndi mapulamu muli amygdalin, amene amatulutsa poizoni wa cyanide nthangazo zikaphwanyidwa. Chipatso chovunda kapena chachuku musachiike poganiza kuti kuwira kudzachiyeretsa.

Umbuu uja wachokera kwa mapichesiwo, koma chifukwa chakuti munawawiritsa. M'zipatso muli pectin, chimene chimalimbitsa jamu. Moto umamutulutsa wambiri n'kumusungunulira m'madzi, ndipo vinyo wotero angakhale chaka chathunthu osayera. Mankhwala ake ndi pectinase, ufa umene umagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo zopangira vinyo. Amathiridwa madzi atazizira, chifukwa kutentha kumamupha, ndipo ndi bwino kumupatsa maola 12 yisiti asanalowe. Kuti mudziwe ngati umbuu ndi wa pectin, tapani vinyo supuni imodzi m'kakapu, thiranimo masupuni atatu kapena anayi a methylated spirit, pukusani. Mukaona timibulu tonanda kapena tiulusi tikuyandama, ndi iyeyo. Za m'kakapuzo tayani nthawi yomweyo, ndi poizoni.

Nanga zipatso zosawiritsa tiziyeretsa bwanji? Ndi mapiritsi a Campden, amene ndi sodium metabisulphite kapena potassium metabisulphite. Piritsi limodzi lophwanya limakwanira malita 4 ndi theka mpaka 5. Mukathira, vindikirani ndi nsalu, dikirani maola 24, kenako yisiti. Mukathira yisiti nthawi yomweyo mumufooketsa. Odwala mphumu ena sagwirizana ndi mankhwala amenewa, choncho musanunkhize pafupi, ndipo muziwauza alendo anu kuti alimo.

Muyeso woyambira, wa malita 5, ungakhale wotere. Timasamba tachikasu todzaza malita 2 osatsendera, shuga woyera kilogalamu imodzi, mphesa zouma magalamu 250, mandimu awiri, malalanje awiri, mapichesi magalamu 500 mpaka kilogalamu imodzi ngati mukuwafuna, theka la kapu ya tiyi wakuda wopanda mkaka ndi shuga wobweretsa tannin, supuni yaing'ono ya chakudya cha yisiti, pectinase monga alembera pa paketi, ndi yisiti wa vinyo. Mukaika mapichesi ambiri chepetsani shuga pang'ono, poti nawonso abwera ndi wawo.

Shuga si wongothira mwa maso. Yisiti amamugawa pawiri, pafupifupi theka la kulemera kwake limasanduka mowa, theka linalo mpweya wa carbon dioxide. Magalamu 17 kapena 18 a shuga pa lita imodzi amapereka ukali wa peresenti imodzi. Ndiye vinyo wa peresenti 12 amafuna magalamu opitirira pang'ono 200 pa lita. Mukachepetsa kwambiri, vinyo sasungika. Mukachulukitsa, yisiti amatopa panjira n'kusiya madzi otsekemera ngati manyuchi, kapena amagona n'kudzadzuka muli m'botolo. Ngati pali chipangizo chimodzi chimene ndingakukakamizeni kugula, ndi hydrometer, kagalasi koyandama kokhala ndi manambala koyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi. M'madzi wamba kamaloza 1.000. Musanathire yisiti kaziloza pakati pa 1.085 ndi 1.090. Vinyo akatha kuwira kamatsika kufika cha m'ma 0.990 mpaka 0.998. Chotsani nambala yomaliza pa yoyamba, chotsala muchulukitse ndi 131, mwapeza ukali. Mwachitsanzo, kuyamba pa 1.088 n'kuthera pa 0.996 kumapereka peresenti 12.

Yisiti wa buledi ndi wa vinyo onse ndi Saccharomyces cerevisiae, koma anasankhidwa kuti azigwira ntchito zosiyana. Wa buledi amawira ndithu, kungoti amachita thovu lambiri, sakhazikika bwino pansi, kawirikawiri amafooka ukali usanafike pamene mukufuna, ndipo amasiya kafungo ka mtanda kamene kamaphimba duwa. Mwa yisiti wa vinyo, Lalvin EC-1118 ndi wolimba zedi, amapirira kuzizira ndi kutentha, ndipo angafike peresenti 18; woyamba kumene sangalakwe naye. Lalvin 71B amasunga bwino fungo la zipatso ndipo amafewetsa asidi wa m'maapozi ndi mapichesi. Kwa vinyo wa maluwa ine ndingasankhe 71B. Chakudya cha yisiti chija nthawi zambiri chimakhala diammonium phosphate. Mugule chopangidwira zakudya. Feteleza wa dzina lomwelo si woti alowe m'chakumwa. Yisiti wanjala amatulutsa fungo la mazira ovunda, ndipo m'madzi a maluwa njala imeneyi imachitika kawirikawiri, chifukwa mulibe nayitrojeni wokwanira.

Masiku 5 mpaka 7 oyamba zonse zimakhala m'chidebe chovindikira ndi nsalu yomanga bwino, pamalo a madigiri 18 mpaka 24, posafika dzuwa. Pofika tsiku lachiwiri mukatchera khutu mudzamva kuti tsiii, ndipo zipatso zidzakwera pamwamba n'kupanga chikhakha. Muzichimiza kawiri patsiku ndi chikombe choyera, chifukwa chikauma pamwambapo chimachita chuku. Kuwira kukayamba kuchepa mphamvu, sefani, thirani m'botolo lalikulu lagalasi kapena chigubu chapakamwa pang'ono, chidzaze mpaka m'khosi, ndipo tsekani ndi airlock, kachitsekero kotulutsa mpweya wa mkati osalola wakunja kulowa. Ngati mulibe, boolani chitsekero, lowetsani paipi yopyapyala, matani mozungulira kuti pasadutse mpweya, ndipo nsonga inayo muimize m'kabotolo ka madzi. Mpweya wa mkati uzituluka ngati thovu, wakunja osalowa.

Chifukwa chake n'chakuti kuyambira apa mpweya wakunja ndi mdani. Louis Pasteur, wasayansi wa ku France, anasonyeza kuyambira mu 1857 kuti kuwira ndi ntchito ya tizamoyo tosaoneka ndi maso, ndipo pambuyo pake anaonetsanso kuti vinyo akasasa ndiye kuti talowamo tizamoyo tina. Mabakiteriya otchedwa Acetobacter amasandutsa mowa kukhala viniga, koma sangathe popanda mpweya. Amene amawanyamula kwambiri ndi tintchentche tating'ono timene timazungulira zipatso zakupsa. Vinyo akasanduka viniga sabwereranso. Mpweya umasandutsanso vinyo wachikasu kukhala wakhofi, fungo la duwa n'kuthawa. Choncho chilichonse chokhudza vinyo, chikombe, paipi, sefa, botolo, chitsukidwe n'kutsukuluzidwa ndi madzi a Campden kapena madzi owira. Ziwiya zikhale zagalasi, zachitsulo chosachita dzimbiri, kapena pulasitiki wopangidwira zakudya. Aluminiyamu, kopa, chitsulo wamba ndi ndowa zamalata zimadyedwa ndi asidi n'kulowa m'chakumwa, ndipo chigubu chimene munakhalapo mankhwala kapena mafuta a galimoto sichiyera ngakhale mutachitsuka chotani.

Pakapita masabata 4 mpaka 6, pansi padzakhala nsenga zotuwa, yisiti wakufa ndi tizidutswa ta zipatso. Ikani chigubu patebulo, china choyera pansi, ndipo kokani vinyo ndi paipi osavundula nsengazo. Musachite kupendeka chigubu n'kutsanula. Chatsopanocho chidzazeninso mpaka m'khosi. Ngati waperewera, onjezerani vinyo woyera wogula kapena madzi owiritsa pang'ono. Muzibwereza pakapita miyezi iwiri kapena itatu iliyonse mpaka mutaona kuti mukaunika tochi kuseri kwa botolo kuwala kukudutsa mbee, pansi popanda nsenga zatsopano.

Botolo lanu linaphulika chifukwa masabata awiri ndi ochepa kwambiri. Kusiya kutuluka thovu si umboni wakuti vinyo watha. Kukazizira yisiti amangogona, kukafunda n'kudzuka. Umboni ndi hydrometer: iloze pansi pa 1.000, ndipo nambalayo isasinthe mukayezanso patatha sabata. Shuga wochepa chabe wotsala amakwanira kuswa galasi. Mabotolo a shampeni amapangidwa ochindikala, chitsekero chomangidwa ndi waya, chifukwa cha mphamvu imeneyi. Botolo wamba la vinyo silinapangidwire zimenezo.

Za khungu, mtima ukhale m'malo. Chimene chimapha maso ndi methanol. Vinyo aliyense wa zipatso, wogula ndi wopanga yemwe, amakhala naye pang'ono kwambiri kuchokera ku pectin, monganso madzi a zipatso osawira amakhalira naye, ndipo mlingo umenewo suvulaza munthu. Anthu amene amachita khungu kapena kufa kawirikawiri amakhala atamwa mowa waukali umene ogulitsa osakhulupirika anasakanizamo methanol wa m'mafakitale. Kutcheza mowa ngati kachasu ndi nkhani ina, ili ndi zoopsa zake ndi malamulo ake, ndipo sindikukulangizani kuti muyese. Zoopsa zenizeni za vinyo wanu ndi zija tatchula: mankhwala opha udzu, duwa lolakwika, chiwiya cholakwika, galasi lophulika, ndi mowa weniweniwo, poti vinyo wa maluwa amatsetsereka kukhosi munthu osazindikira kuti ndi wa peresenti 12. Amayi oyembekezera asamwe. Amene thupi lawo limadana ndi mungu wa maluwa a m'banja la mpendadzuwa asamale naye. Ndipo kupangira pakhomo n'kosiyana ndi kugulitsa. Malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, fufuzani a kwanuko.

Vinyo wa dandelion akangoyera kumene sakoma. Amaluma kukhosi, amanunkha yisiti, ndipo duwa silimveka n'komwe. Ambiri amataya mtima pamenepa n'kumukhuthula. Mpatseni miyezi 6 m'botolo, ndipo chaka ndiye bwino koposa, pamalo amdima ndi ozizirirapo. Ngati chitsekero ndi cha koko (cork, khungwa lofewa la mtengo), botolo liime masiku atatu kenako ligone chammbali kuti kokoyo isaume. Lembani pa botolo tsiku, zipatso zimene munaika, yisiti wake, ndi manambala awiri a hydrometer.

Fungo la duwa limamveka bwino vinyo akakhala ndi kakutsekemera pang'ono, ndiye mwina mudzafuna kuwonjezera shuga pomaliza. Njira yosavuta ndi kuthira shuga wosungunula kapena uchi m'tambula pa nthawi yakumwa. Ngati mukufuna kuti atsekemere ali m'botolo, vinyo ayambe wayera n'kutheratu kuwira, kenako muthire potassium sorbate monga alembera pa paketi pamodzi ndi piritsi la Campden. Sorbate sapha yisiti, amangomuletsa kuswana, choncho sangaimitse vinyo amene akuwira. Musamuthirenso yekha popanda Campden, chifukwa mabakiteriya ena amamudya n'kutulutsa fungo la masamba a duwa la geranium limene silichoka. Mukathira shuga, vinyoyo akhalenso pansi pa airlock sabata imodzi kapena awiri, muyeze ndi hydrometer kawiri, ndipo ngati nambala sinatsike, thirani m'mabotolo.